Milomo ya Mlamu wa Pakhoma

Bronx, New York
9 Epulo 1988

Achemwali anga a Herminia,

Landirani moni wa mlongo wanu, mnyamata wokongola koposa onse amene anabadwapo ku Adjuntas. Muli bwanji kumapiriko? Maondo aja akuvomerabe kukwera chitunda cha kutchalitchi? Nanga mwana wanu Nilsa, akubayabe anthu osalakwa majakisoni ku Ponce? Ine kuno ndili gwa. Mano atsala ochepa, koma otsalawo ndi akhama pantchito.

Khalani pansi kaye, kapu ya khofiyo muiike patali. Kodi mlamu wanu akadali pakhoma? Ndikunena mkazi wanga wapepala uja, wa nkhope ya pinki ndi tsitsi lachikasu ngati dzira lokazinga, amene ndinatumizira Amayi mu 1967 n'kulemba kuti nayu mpongozi wanu. Amayi anadziwa kuti ndi bodza langa, koma anamupachikabe pambali pa chithunzi cha Atate, ati nyumba isasowe mpongozi, ndipo wapepala sayankha mwano.

Lero ndikuuzeni mbiri ya mlamu wanuyo. Dzina lake ndi Maxine Dorrell, wa m'makanema, amene anafa pa ngozi ya galimoto akadali mtsikana, dziko lonse n'kulira. Bwana Pruss, wojambula amene tinkamusindikizira zithunzi, anangodula nkhope yake m'nyuzipepala n'kubwera nayo kushopu kwathu. Munthu uja burashi sankaigwira. Ankafika masana atavala magalasi akuda ngati wakuba nkhuku, n'kumaloza ndi chala: apa pinki, apa chikasu, apa buluu. Ntchito tinkagwira ndife. Mtundu uliwonse unali ndi sefa yake ya nsalu ya silika. Uyale pepala, uike sefa pamwamba, uthire inki, ukoke ndi labala, uyanike, kenako sefa ina. Nkhope imodziyo tinaisindikiza ka 250, mpaka ndinkalota milomo ikundithamangitsa mumsewu. Iye n'kumasaina kumbuyo ndi pensulo, dzanja lina lili pa sangweji. Ndiye pa ntchito yathu pali mwambo: wosindikiza amapatsidwa pepala lakelake, losainidwa bwinobwino, monga wopha mbuzi amatengera khosi. Mlamu wanu ndiye khosi langa.

Masiku amenewo chithunzi chotere unkachigula pa mtengo wa suti yotchipa. Koma Bwana Pruss anamwalira zaka ziwiri zapitazo, ndipo kuno wojambula akagona, zithunzi zake ndiye zimadzuka. Loweruka ndili kometetsa, mnzanga Tito anandiponyera nyuzipepala pamiyendo.

"Iwe nkhalamba, uyu si mkazi wako uja umatinamiza naye?"

"Mpatse ulemu, ndi mayi wapabanja."

"Mayi wapabanja wagulitsidwa pa okishoni madola zikwi makumi anayi! Wagula munthu wa ku Japan pa telefoni, osamuona n'komwe."

Achemwali, ndinalumpha pampando, khutu linatsala pang'ono kutsalira m'sizasi. Lolemba ndinavala suti yanga ya kumaliro n'kupita kwa Mayi Whitcombe, ogulitsa zithunzi kumsewu wa olemera. Ati ngati siginecha ilipo ndimubweretse msanga, ogula akuchita kupondana.

Tsopano mverani. Pa Khirisimasi munalemba kuti Don Anacleto akugulitsa munda wa khofi wakumtunda. Munda umenewo ndi wa Atate, anamugulitsa iyeyo mu 1951 kuti ine ndipeze ya ndege. Ndinalumbira pokwera basi, mudzi wonse ukumva, kuti sindidzapondanso ku Adjuntas ndisanaubweze, ndipo pa zonse zimene pakamwa panga panatulutsapo, chimenecho chokha sichinali bodza. Pitani mukaiuze nkhalamba yaumbombo ija kuti wogula wapezeka. Khirisimasi ino ndidyera kwathu, ndipo nkhumba muisankhe yonenepa.

Mumutsitse mlamu wanu pakhoma, mumukonzekeretse ulendo. Akupita kwa anthu olemera, asakatichititse manyazi. Mukamuyang'anitsitsa muona kuti lipisitiki anadzola ali pa bulu wothamanga, yafika mpaka patsaya, ndipo buluu wa m'zikope wakwera kukaona mphumi. Musambitseni, mumudzoze ngati mkwatibwi, mumuuze kuti mwamuna wake wamusowa.

Ndine mlongo wanu wolemera posachedwa,
Chebo

Adjuntas, Puerto Rico
28 Epulo 1988

Iwe Chebo,

Kalata yako ndalandira. Kuno tili bwino, mvula yayamba, maondo ndi omwe aja. Zoti ndiwe wokongola sindiyankha, galasi uli nalo.

Poyamba kalatayo ndinangoiponya patebulo. Munthu amene anauza Amayi kuti ku New York nkhunda zimalipira lendi, ndimukhulupirire bwanji? Koma Nilsa anabwera Lamulungu, ati dokotala wina kuchipatala kwawo anaziwerenganso zomwezi. Ndiye kwa nthawi yoyamba ndakukhulupirira, Mulungu andikhululukire.

Ndinakwera kwa Don Anacleto. Ndinamupeza pakhonde akusenda lalanje.

"Doña Herminia! Mwabwera kudzandifunsira?"

"Ndabwera kudzafunsira munda. Chebo akuufuna."

"Chebo uti? Wa nthabwala uja? Alipira ndi chiyani, ndi phwete?"

"Ndi madola, bambo. Inu mungodikira."

Ati pali munthu wa ku San Juan akufuna kumangapo nyumba yopumulira, koma adikira mpaka khofi atatha kuthyoledwa, kenako amvera amene wagwira ndalama m'manja. Ndikutsika anakuwa kuti, "Maliro a mayi ake sanabwere, ndiye abwerera munda?" Ndinamuuza kuti za m'banja mwathu azisiye. Koma mawuwo anandilasa, ndipo ndakulembera kuti akulasenso iwe.

Tsopano za mlamu. Ndinamutsitsa, ndinavala magalasi, n'kupita naye pakhomo pomwe pali kuwala. Zaka zonsezi ndinkangomupukuta fumbi osamuyang'anitsitsa. Chebo, unanena zoona! Milomo yofiira ili kwina, milomo yeniyeni ili kwina. Buluu wa m'maso wachita kutayikira. Ndipo pinki ameneyu si khungu la munthu, ndi la kankhumba kongobadwa. Azungu aja anakupatsa chowonongeka chimene akanataya, iwe n'kulandira ukuseka monga mwa masiku onse. Ndani angatulutse ndalama za munda wathunthu chifukwa cha munthu wa milomo inayi?

Usade nkhawa. Ndapita naye kwa Don Wenceslao, amene amapenta ziboliboli za oyera a m'tchalitchi, yemwe uja anaika mtundu pa chithunzi cha Atate. Atamuona anagwira pakamwa.

"Mayi, amene anapenta uyu anali ataledzera kapena ankathamangitsidwa?"

"Mutha kumukonza?"

"Ine ndinakonza Yosefe Woyera atadyedwa ndi chiswe mpaka m'khosi. Uyu ndi phala."

Ayamba akangomaliza Isidoro Woyera, amene akufunika pa chikondwerero cha pakati pa Meyi. Ati amubweza ali munthu.

Uzivala juzi, ndipo usamwe ndalama usanazione.

Ndine mlongo wako,
Herminia

TELEGALAMU
New York, 6 Meyi 1988

MLAMU ASAKHUDZIDWE. KAMUCHOTSENI KWA WENCE LERO. KALATA IKUBWERA. CHEBO

Bronx, New York
6 Meyi 1988

Achemwali,

Moni mwachidule, chifukwa nthawi palibe. Telegalamu mwaiona. Thamangani kwa Don Wence, maondo mudzawapepesa pambuyo.

Zija ndinalemba zomusambitsa ndi kumudzoza zinali nthabwala! Milomo yopitirira ija si kulakwitsa ayi, ndalamazo zili pomwepo. Ndikuuzeni mmene zinayambira. Tsiku loyamba ine ndinalunjikitsa masefa onse bwinobwino, mzere pa mzere, chifukwa ndinaphunzira ntchito kwa mzungu wa ku Poland amene ankamenya ndi lula. Chithunzi chinatuluka choyera ngati kalendala. Ndinaima pambali ndikudikira kutamandidwa. Bwana Pruss anayang'ana n'kuusa moyo.

"Eusebio, wandipangira chithunzi cha pasipoti."

"Bwana, nanga milomo simakhala pakamwa?"

"Kwanu kumeneko."

Anagunda sefa ndi chigongono kuti isunthe, nati koka. Ndinakoka. Itatuluka lipisitiki ili patsaya, munthu wamkulu anaomba m'manja ngati mwana woona ndege. Ati anthu otchuka dziko limawagula ngati sopo wa m'sitolo, ndiye nkhope zawo zizioneka kuti zatuluka m'makina. Ine nzeru zimenezo sindinazimve, sukulu ndinalekera sitandade 5 aphunzitsi atandipempha mwaulemu, koma malipiro ndinkawamva. Olemera akuno amagula zinthu zitatu: dzina la wojambula, nkhope ya womwalira, ndi pepala limene dzanja la munthu wina silinakhudzepo. Kadontho kamodzi ka burashi ya Don Wence, mtengo ugubuduka ngati chidakwa pa masitepe.

Don Wence ndimamulemekeza. Si iye anapenta Petulo Woyera uja, diso lina likuyang'ana kumwamba lina m'mbale ya chopereka? Mukamuuze kuti ine ndine mwamuna wansanje, sindifuna mwamuna wina agwire mkazi wanga kumaso. Akakana, mumulande burashi, mumukhalire mpaka avomere.

Mumuike mlamu pakati pa matabwa awiri momwe alilimo, ndi milomo yake inayi, mutumize. Mundiyankhe msanga.

Ulendo uno sindikuseka. Chabwino, ndikuseka pang'ono, koma ndi mantha.

Chebo wanu

Adjuntas
30 Meyi 1988

Chebo,

Moni. Tili bwino, ngakhale unatsala pang'ono kundipha. Telegalamu itafika ndinayesa wafa. Mnansi wanga Doña Pura anachita kundipatsa madzi a shuga ndisanaitsegule. Usadzabwerezenso.

Kalata yako ndawerenga. Ukundiyesa mwana? Ati anthu ophunzira amalipira ndalama za munda chifukwa munthu anagunda sefa ndi chigongono! Ndiye mawa undiuza kuti mkate wopserera ndi wodula kuposa wabwino. Kalata yoyamba ukuti musambitseni, yachiwiri ukuti asakhudzidwe, zonse zodzaza ndi abulu ndi Petulo Woyera. Ine ndinakubereka kumsana, ndikudziwa. Wachita manyazi kuti ndikuwononga ndalama zanga pa iwe, ndiye wapeka nkhani ya chigongono kuti ndileke.

Leka zimenezo. Nkhumba imene ndinkasungira Khirisimasi ndagulitsa, Don Wenceslao ndamulipira, ndipo za kubweza sindifuna kumva. Chichokereni sunandipemphepo kanthu. Ndilole nanenso ndiikepo dzanja pa kubwera kwako.

Ntchito yatha Lachisanu. Munthu uja anatseka shopu sabata yathunthu, ati sanagwirepo nkhope yovuta chonchi. Ukamuona ugwetsa misozi. Azimayi a m'kwaya anabwera kudzamuona, Doña Pura mpaka anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Ati akanakhala wa kuno akanamuika kutsogolo poimba. Azungu akowo ngati ankapereka zikwi makumi anayi pa wowonongeka, pa uyu uwauze awonjezere, usachite nawo manyazi.

Ndamukulunga m'bulangeti pakati pa matabwa awiri monga unanenera, ndinatumiza Loweruka pa positi ya rejisitala. Don Anacleto ndinakumana naye ku Misa, ndinangomuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi. M'chipinda chako chakale ndayamba kuchotsamo matumba a khofi. Bedi ndi lomwe lija, ukafuna lofewa ugule wekha, ndiwe wolemera.

Undiuze akagula.

Herminia

Bronx, New York
20 Juni 1988

Nilsa mwana wanga,

Moni, namwino wa dzanja lolemera. Uli bwanji? Mwezi watha ndinaimba foni kuchipatala kwanuko, akuti uli kumaphunziro ku San Juan. Ukanakhalapo bwenzi nkhani ili ina, koma usadandaule, wolakwa ndi pakamwa pa malume ako.

Phukusi la amayi ako lafika. Sindinalitsegule kunyumba, ndinati ngati ndi maliro tikalire pagulu. Ndinavalanso suti, n'kukwera sitima yapansi ndi azakhali ako apepala m'khwapa.

Kwa Mayi Whitcombe makoma ndi oyera ngati kuchipatala kwanuko, ndipo anthu amalankhula monong'ona ngati pali wodwala. Pakhoma panali Maxine wina, wa nkhope yobiriwira. Ndinamupatsa moni, pajatu anatuluka m'manja mwanga. Mayiwo anavala magolovesi oyera, anamasula chingwe, anachotsa bulangeti la amayi ako lonunkhira utsi ndi khofi, n'kukweza thabwa.

Nilsa, Don Wence si munthu wamasewera. Pinki yense wapita. Nkhope ili ndi khungu la munthu, masaya ofiira pang'ono ngati wafunsiridwa. Milomo ili pamalo pake, iwiri basi. Wamuika nsidze, wamuika kuwala m'maso, ndipo poona kuti khosi lili pamtunda wamuveka kolala yoluka ndi kamtanda kagolide. Pamwamba pake vanishi wochita kung'anima.

Mayi Whitcombe anamuyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka pa kamtanda. Kenako anafufuza mpando ndi dzanja.

"Bambo Quiñones, wachita zimenezi ndani?"

"Katswiri wa kwathu, mayi. Oyera onse a ku Adjuntas amakadzola kwa iye."

"Mukudziwa chimene wachita?"

"Wamulowetsa mpingo."

Sanaseke. Anatembenuza pepala, anayang'ana siginecha ndi galasi lokulitsa, ati ndi yeniyeni. Anabwerera kutsogolo n'kuloza tsitsi, malo okhawo amene Don Wence anasiya.

"Onani chikasu ichi, ngati chasindikizidwa dzulo. Ambiri amene amabwera kuno amakhala atasuluka ndi dzuwa. Uyu ankasungidwa kuti?"

"Pakhoma la amayi anga, kumthunzi, pambali pa atate."

"Akanakhala wosakhudzidwa, akanaposa wa m'nyuzipepala uja."

Mawu amenewo akanatha kungowasunga m'thumba. Ndinafunsa ngati angatsukike, ngakhale yankho ndinkalidziwa. Utoto wamafuta ukalowa m'pepala walowa, ukati uuchotse uchotsa ndi nkhope yomwe.

"Ndikhoza kukupatsani madola mazana awiri, chifukwa cha siginecha."

"Mayi, mkazi wanga sindigulitsa pa mtengo wa njinga."

Ndinamukulunga, tinabwerera kwathu. Tito atamuona anavula chipewa, ati tsopano ndi mkazi woti sangandilole. Pano ali pa kabati, akundiyang'ana ndikulemba. Ndipo ndikuuze, ndi wokongola. Ine ndinamusindikiza mpaka mapewa kuphwanyika, koma sindinamuonepo ngati mwana wa munthu amene anali ndi mayi ake. Don Wence ndiye wamuona. Kungoti kukongola kumeneku sikugula ngakhale tsinde limodzi la khofi.

Tsopano ntchito yako nayi. Amayi ako asadziwe. Anagulitsa nkhumba, akusesa chipinda, akuyenda mutu uli m'mwamba pamaso pa Don Anacleto. Ndiwalembera kuti msika wagwa, misika imagwa tsiku lililonse, ndani angaifunse? Ukatsegula pakamwa, ndilembera mnyamata wako wa ku Ponce uja zonse zimene amayi ako ankandiuza za mphasa yako uli mwana.

Za kubwera, iwala. Mwamuna amene analumbira mudzi wonse ukumva sabwerera ndi sutikesi ya masokosi okhaokha. Ndikhala konkuno. Tito walonjeza kundiika, bola ndiyambe ndine.

Malume ako,
Chebo

Bronx, New York
24 Juni 1988

Achemwali,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino.

Chithunzi chafika bwino. Don Wenceslao wagwira ntchito yaukhondo, mumuthokoze. Inunso zikomo kwambiri chifukwa cha nkhumba.

Koma mitengo ya zithunzi yatsika mwadzidzidzi, ogula asiya kugula. Palibe amene walakwa. Mumuuze Don Anacleto asandidikire. Khirisimasi ino sindibwera.

Mudzisamalire.

Mlongo wanu,
Eusebio

Adjuntas
16 Okutobala 1988

Chebo,

Moni. Ndachedwa kuyankha. Miyezi yonseyi ndakhala ndikutenga cholembera n'kuchibwezanso m'kabati.

Kalata yako ya mu Juni ndinaiwerenga ndikufunafuna nthabwala. Ndinatembenuza pepala, ndinakutumula envulopu. Munalibe. Iwe amene unalemba nthabwala m'kalata yondipepesa maliro a mwamuna wanga, mpaka ndinaseka nditavala zakuda. Pansi pa ya mu Juniyi wasaina Eusebio, dzina limene kuno tinalimva komaliza pa ubatizo. Pamenepo ndinadziwa kuti kwafa chinthu.

Nilsa usamulembere zomuopseza, sanaulule. Nditamufunsa anangodzuka n'kuyamba kutsuka mbale zotsuka kale. Ndinakatenga kalata yako ya mu Meyi, ndinakhala pakhonde, ndinachotsamo chidakwa, mwamuna wansanje ndi Petulo Woyera. Zimene zinatsala zinali zoona zokhazokha. Unandiuza, ine sindinamve. Ndinawononga ndine, ndipo ndinachita kulipira nkhumba kuti chiwonongeke bwino. Madzi akatayika saoleka. Kupepesa kwa papepala sindikufuna, ndikufuna kukupepesa ndikukuona kumaso.

Munda wapita. Don Anacleto nditamuuza sananyoze, anangoti pepani mayi, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa mwano wake. Munthu wa ku San Juan wayamba kale kudula khofi wa kumunsi kuti galimoto izifika pakhomo.

Tsopano undimvere, wamkulu ndine. Tsiku limene Atate anagulitsa munda ine ndinalipo, iwe unali kotsanzikana ndi atsikana ako. Anagwirana chanza ndi Don Anacleto, anabwera kunyumba, anapempha khofi, anamwa. Zoti udzaubweze sanatchule, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Atate anagulitsa munda, sanagulitse mwana. Lumbiro lako unalumbira pakhomo la basi, basiyo inaola kalekale, ndipo anthu amene anakumva ambiri ali kumanda. Otsala samva n'komwe, uchita kuwakuwira m'khutu kuti ndiwe yani.

Amayi anakudikira mpaka maso anasiya kuona msewu. Ine ndili ndi zaka 74, sindidikira kuti wojambula wina afe. Chipinda ndinasesa, matumba sindibwezeramo. Bwera ndi masokosi akowo. Bwera.

Herminia

Bronx, New York
3 Novembala 1988

Achemwali anga a Herminia, mfumukazi ya ku Adjuntas,

Moni wambiri. Maondo ali bwanji? Kalata yanu ndinaiwerengera kometetsa. Tito ati bwanji maso afiira, ndati ndi sopo. Ati sopo sanakupake, ndati ndiye ndi wa dzulo.

Tikiti ndagula, nditera pa 17 Disembala. Nilsa akandichingamire ku San Juan, asabwere ndi jakisoni. Munthu wokongola kwambiri amene atsike ndegeyo ndine, asavutike kufunsa.

Zopepesa musayambe. Mukagwada ndi maondo amenewo adzakudzutsani ndani? Ine msana unatha. Nkhumba ndigula ine ndi penshoni, ndipo Don Anacleto tikamuitane adzadye, aone kuti phwete nalonso limagula nyama. Munthu wa ku San Juan mumuuze kuti m'mawa uliwonse kuzidutsa nkhalamba pamunda pake ikupereka malangizo osapemphedwa, ndipo galu asavutike kugula, agalu amandikonda.

Mlamu wanu akubwera nane, wakana kutsala. Ati ku New York kulibe mpingo womuyenera. Msomali wake uja musazule.

Ndipo mukamuuze Don Wence asatsuke maburashi. Kukubwera nkhope ina, yakale kuposa ija, mphuno ili kwina makwinya ali kwina. Imeneyi aipente mmene angafunire, mtengo wake sungatsikenso.

Ndine mlongo wanu wobwera,
Chebo